Msodzi Wobwera Chimanjamanja

Ndinafika ku Dublin patatha zaka zisanu ndi chimodzi amuna anga atachoka kwathu. Iwo anatsogola kudzapempha chilolezo chokhala m'dziko lino, ine ndinatsala ku Zomba ndi mwana wathu wamkazi kudikira mapepala. Tsiku limene anadzatichingamira pabwalo la ndege analira, inenso ndinalira, koma ndisaname, misozi ili mbwembwembwe choncho maso anga ankayendera kolala ya malaya awo kuona ngati inasitidwa ndi dzanja la mkazi. Ndi mmene ndilili ine. Zaka zisanu ndi chimodzi si masewera, ndipo nkhani za amuna opita kunja tinkazimva mumsika tsiku ndi tsiku.

Tinkakhala ku Crumlin, m'kanyumba ka zipinda ziwiri. Iwo ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ine ndinapeza yokolopa m'maofesi. Miyezi yoyambayo ndinafufuza ndithu, koma chowanenera sindinachipeze. Foni ankaisiya patebulo osaivundikira, akaweruka ankabwera molunjika kunyumba. Panali chinthu chimodzi chokha. Loweruka lililonse limene sanali pashifiti ankadzuka m'mamawa, kuthira tiyi mufulasiki, kukoleka paphewa chikwama chachitali chobiriwira, n'kunena kuti akukawedza. Ankati kumapeto kwa mzinda kuli paki yaikulu, ndipo m'pakimo muli kanyanja.

Ulendo woyamba ndinakondwa. Ine ndinakulira pansomba. Mayi anga ankapikula matemba ndi makumba ku Chilwa n'kumagulitsa mumsika, moti ndinayamba kupala mamba ndisanadziwe kulemba dzina langa. Nsomba za muno za m'mapaketi, zopanda mutu, zopanda minga, zinali zitanditopetsa kale. Ndiye tsikulo ndinagula tomato ndi anyezi, ndinanola mpeni pakhonde la kuseri, n'kukhala pansi kudikira. Anabwera chakumadzulo manja ali m'matumba.

"Zili kuti?" ndinafunsa.

"Chiyani, mayi?"

"Nsomba."

"Aa, lero sizinayende."

Zimachitika. Ngakhale asodzi enieni masiku ena amabwerako chimanjamanja. Ndinathira mazira mu tomato uja tinadya. Loweruka lachiwiri sizinayende. Loweruka lachitatu sizinayendenso. Inakwana miyezi itatu ngakhale kansomba kamodzi konamizira mphaka sikanalowe pakhomo panga.

Chimene chinayamba kundidya mumtima si kusowa kwa nsombako ayi, koma nkhope yawo. Msodzi amene zamuvuta ndimamudziwa, ndawaona ambiri pagombe ku Chilwa. Amabwera atakwinya nkhope, ukamupatsa moni amayankha ngati wamutukwana. Anga ankabwera akuimba mluzu, nyimbo za kutchalitchi, mapewa atatsika ngati munthu amene wakhuta. Pakati pa sabata akachoka kuntchito sankaoneka choncho. Chisangalalo chimenechi ankachitenga kwina, ndipo kumeneko ine kunalibe.

Kenaka ndinayamba kuwanunkhiza. Akamandipatsa fulasiki ndinkaigwira pamodzi ndi dzanja lawo, n'kunamizira kukanda mphuno. Manjawo ankanunkha nsomba. Silinali fungo la matope kapena la nyambo, linali la nsomba yamoyo, lija limakakamira ngakhale usambe ndi sopo. Tsiku lina ndikuchapa jekete lawo ndinapeza bamba limodzi litamatirira pamkono, lalikulu kuposa chikhadabo cha chala chachikulu. Ndinaliunika pawindo. Mwini wake wa bamba limenelo anali nsomba yodyetsa banja lonse masiku awiri. Ndinakhala pampando n'kudzifunsa funso limene mkazi aliyense wa kwathu akanadzifunsa: nsomba ikugwidwa, nanga ikuphikidwa nyumba iti?

Kwathu mwamuna wa nyumba ziwiri amagwidwa ndi ndiwo. Sagwidwa ndi makalata kapena mafuta onunkhira, amagwidwa ndi phukusi limene anthu anamuona nalo pamsika koma kunyumba silinafike. Zimenezi sindinachite kuuzidwa, ndinaziona kwa bambo anga omwe.

Panalinso nkhani ya chimanga. Zitini za chimanga chotsekemera chija zinkatha m'kabati mosadziwika bwino. Nditafunsa anati ndi nyambo. Ndinawayang'ana. Ine ndikudziwa nyongolotsi, ndikudziwa ziwala, ngakhale sopo ena amakolera milamba, koma nsomba yodya chimanga cha m'chitini ndinali ndisanaimvepo. Mumtima ndinati chimanga changa chikukongoletsa saladi ya munthu wina.

Ndinali ndi mnzanga kuntchito, mayi wa ku Zambia wokhala ku Coolock, amene anabwera muno kale kwambiri ndipo analibe nkhani imene sankaidziwa mathero ake. Ndinamufotokozera tikudya buledi m'kachipinda kosungira zokolopera. Sanadikire n'komwe kuti ndimalize.

"Imwe amake mwana, musazipusise," anatero. "Iyo fish ili na owner wake. Six years mwamuna ali yeka mu Dublin, muganiza enzo pempera chabe? Nikuuzani ine, kuja kuli mukazi, na kitchen yake."

Mawu amenewa ndinali nawo kale m'mutu, koma kuwamva kuchokera pakamwa pa munthu wina kunali kwina. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndinatero. Ndinasiya ntchito yanga yauphunzitsi pasukulu ya mkaka ku Zomba, ndinasiya mayi anga akudwaladwala, ndinazula mwana pasukulu, kubwera kudziko la mvula yosakata. Ngati ndinabwerera kudzakhala mkazi wa pamapepala chabe, ndinkafuna ndidziwe msanga.

Lachisanu lina ndinawauza mosapita m'mbali. "Bambo a mwana, mawa mubwere ndi nsomba. Ndatopa n'kununkhiza."

Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anati, "Chabwino, mayi."

Mawa lake anabweradi nayo, itakulungidwa m'nyuzipepala. Inali yooneka ngati chambo, yonenepa bwino. Anaiika pasinki osandiyang'ana kumaso n'kupita kukasamba. Nditaitembenuza ndinaona kuti maso ake analowa m'kati, ndipo inali yotumbula kale mwaukhondo, mpeni wake wosaphonya, pomwe amuna anga ngakhale kusenda mbatata amasenda ngati akulima. Ndinapisa chala m'mimba mwake mpaka kumsana. Munali mouma gwa, madzi oundana ali mbuu. Kunja kunali kusanayambe n'komwe kuzizira kwenikweni.

Ndinaiphika bwinobwino, ndi tomato wambiri. Titakhala patebulo ndinawagawira mutu, monga mwaulemu wake, n'kunena kuti, "Kanyanja kanuko kali ndi firiji pansi, eti?"

Anangoyang'ana m'mbale, makutu ali chilili. Nsombayo anaidya ngati mankhwala. Ine apo ndinatsimikiza. Munthu wosalakwa sagula umboni kushopu.

Ndinaganiza zoimbira foni malume anga, amene ndi ankhoswe athu, koma ndinadziwa chimene akanandifunsa: waona chiyani ndi maso ako? Bamba limodzi ndi zitini za chimanga si mlandu wotulutsira akuluakulu m'nyumba. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndinati ndikadzionere ndekha.

Loweruka lotsatira atangotuluka ndinavala jekete la mwana wanga, lija la chipewa, n'kukwera basi yotsatira. Dzina la pakiyo ndinali nditawafunsa kale mochenjera, ndipo foni inandilondolera. Kunali kamvula kowaza, kaja kamanyowetsa munthu asakudziwa. Ulendo wonse ndinkakonza mawu oti ndikamuuze mkaziyo. Sindinkadziwa ngati ndikalankhule Chichewa kapena Chingerezi, ndiye ndinakonza zonse ziwiri.

Pakiyo inali yaikulu kuposa mmene ndinkaganizira, malo athyathyathya, udzu wometedwa mpaka kutali, wopanda mbuzi ngakhale imodzi. Dothi lakuda labwino lija, loti kwathu likanakhala madimba a kabichi, iwo anangolisiya kuti anthu azithamangapo. Kunali ana pamakatungwe, anyamata akumenya mpira, agalu ovala majuzi akukoka eni ake. Ndinatsata kanjira mpaka ndinaona madzi. Ndinatsala pang'ono kuseka. Chimene ankachitcha kanyanja chinali chithaphwi chozunguliridwa ndi bango, choti Chilwa ikamaphwa imasiya zazikulu kuposa pamenepo. Abakha onenepa ankangoyandama osaopa munthu, chifukwa palibe amene anawayang'anapo ndi maso a ndiwo.

M'mbali mwa madzimo munali timasanja tamatabwa, ndipo pa kalikonse panakhala mwamuna mmodzi, kutalikirana ndi mnzake, onse ali duu ngati pamaliro. Anga ndinawaona kutsidya, munthu wakuda yekhayo, atakhala pakampando kopinda. Anali okha. Sindinapusitsike. Ndinati mwina mwini wake amabwera dzuwa likakwera. Ndinazungulira n'kukaima kuseri kwa mitengo, pamalo poti ndizitha kuona msana wawo ndi njira yomwe.

Ndinaima pamenepo maola awiri. Mkazi aliyense wodutsa ndinkamuyeza. Panadutsa wina wothamanga, wakuda, wa thupi lake labwino, koma sanacheuke n'komwe. Panadutsa wina wokankha mwana pakangolo. Kenaka panabwera mzungu wa tsitsi lofiira ndi kagalu, anaima kumbuyo kwawo n'kulankhula nawo. Ndinati ndi ameneyu. Ndinavula chipewa kukonzeka. Amuna anga anatembenuka pang'ono, kuyankha mawu awiri, mayiyo anaseka n'kupitiriza ulendo wake, ndipo patsogolo anaimanso kwa msodzi wina n'kulankhula chimodzimodzi. Ndinabweza chipewa. Mapazi anali atachita dzanzi, ndipo ndinayamba kudzimvera chisoni.

Amuna anga sankachita kanthu. Foni sanaigwire. Nthawi ndi nthawi ankatapa chimanga changa m'chitini n'kuwaza pamadzi, basi. Ankangoyang'ana kachinthu kofiira koyandama pachingwe.

Mwadzidzidzi kofiirako kanamira, ndodo yawo yowedzera inapindika. Anaimirira, osathamanga, n'kuyamba kukoka pang'onopang'ono, kuisiya ipite, kuikokanso. Patapita nthawi anaitunga ndi kaukonde ka mpini. Ngakhale ndinali patali ndinaiona bwino: chinsomba chachikasu, chonenepa, chotalika kuposa mkono wanga. Malovu anadzadza m'kamwa, mkwiyo uli pomwepo. Ndinati tsopano tione thumba limene ilowe ndi nyumba imene ipite.

Anaigoneka pakamphasa konyowa, anachotsa mbedza mosamala ngati akuchotsa chitsotso m'diso la mwana, anaiyang'ana kanthawi. Kenaka anainyamula ndi manja awiri, anagwada, n'kuibweza m'madzi.

Sindikumbuka mmene ndinachokera kuseri kwa mitengo kuja. Ndinangozindikira ndaima pamatabwa kumbuyo kwawo.

"Bambo a mwana, mwataya chiyani?"

Sanadzidzimuke. Anapukuta manja pathalauza n'kunena kuti, "Ndinakuonani mutangofika, mayi. Jekete limenelo ndinagula ndine. Bwerani mukhale, mwaima nthawi yaitali."

Manyazi anandigwira, koma sindinafune kuwaonetsa. Ndinakhala pakampando paja, iwo anakhala pachikwama. Anandilozera chikwangwani chimene ndinachidutsa osachiwerenga. Anati lamulo la pano ndi lakuti nsomba iliyonse ukaigwira uibwezere yamoyo, ndipo ukapezeka nayo m'thumba amakulanda pemiti.

"Pemiti? Ndiye kuti mumachita kupempha chilolezo kuti mugwire ndiwo n'kuzitaya?"

"Eya."

"Ndipo onsewa akuchita zomwezo?"

"Onsewa. Ina ija ndaigwirapo katatu, ndimaidziwa ndi chipsera cha pamchira."

Ndinayang'ana azibambo aja mmodzimmodzi, anthu aakuluakulu a imvi zawo. Ndinali ndisanakhulupirire kwenikweni, koma nsomba ndinaiona ndi maso anga ikubwerera.

"Nanga osandiuza bwanji? Miyezi yonseyi?"

"Ndikanakuuzani mukanati chiyani, inu mwana wa mayi ogulitsa nsomba?"

"Ndikanati mwapenga."

"Ndi zimenezotu. Ndipo pofika Lamulungu nkhani ikanakhala itafika kwa apongozi ku Zomba, kuti mkamwini wawo Ulaya wamuzunguza mutu."

Sananame, ndikanaimbadi foni. Komabe yankho limenelo silinandikwanire. Munthu sanamiza mkazi wake miyezi itatu, mpaka kukagula nsomba ya mufiriji, chifukwa choopa kusekedwa basi. Ndinawauza choncho. Anakoleka chimanga kumbedza, n'kuponyanso chingwe.

Kenaka anayamba kulankhula, maso ali pamadzi. Anati zaka zoyamba zija, asanaloledwe kugwira ntchito, ankagona anthu anayi m'chipinda chimodzi kuhositelo, aliyense ndi chilankhulo chake ndi foni yake. Tsiku lina anangoyenda wapansi osadziwa kumene akupita mpaka anafika pano. Mkulu wina wachizungu, amene anamwalira kale, anawabwereka ndodo n'kuwaonetsa kachitidwe kake, ndipo tsiku lonse sanawafunse kumene achokera.

"Kuofesi ya mapepala mafunso, kuhositelo mafunso," anatero. "Ndikaimba foni kumudzi, mafunso. Mapepala atuluka liti, mutitenga liti, mukukhala ndi ndani. Pano pokha ndi pamene panalibe wondifunsa kanthu."

Mafunso a pafoni aja anali anga. Ndinkawafunsa Lamulungu lililonse, mawu ake omwewo.

"Koma pano tinabwera," ndinatero.

"Munabwera, ndipo ndimathokoza Mulungu tsiku lililonse. Koma ndinazolowera, mayi. Sabata ikatha ndisanakhale pano ndekha, mutu umandilemera."

Mawu oti ndekha aja anandilasa. Ndinabwera nditakonzekera mkazi. Mkazi ndikanadziwa pomugwira: ndikanalalata, ndikanaitana ankhoswe, akanapepesa kapena tikanasiyana, zonsezo njira zake zilipo. Koma ankhoswe ungawauze chiyani za mwamuna amene amakuthawa kukakhala chete pambali pa chithaphwi? Zinandipweteka kuposa mmene chibwenzi chikanandipwetekera, chifukwa amene ankamupumira Loweruka lililonse ndinali ine.

Mvula inasiya. Kenaka kofiira kaja kanamiranso, ndipo anakoka ina, yocheperapo, yobiriwira ngati ndere. Atachotsa mbedza anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti akufuna kundipatsa kanthu kochokera m'dziko lawoli.

"Tabwerani muibweze ndinu. Nyowetsani manja kaye, muinyamule chapamimba."

Ndinanyowetsa manja. Ndinamva bwinobwino zimene ananena. Koma nsombayo itangophiriphitha, manja anga anachita zimene anaphunzira ndili ndi zaka zisanu: zala ziwiri zinalowa m'makha, muja imapumira, chala chachikulu chinakanikiza pamutu. Ndi mmene mayi anandiphunzitsira, kuti nsomba ikakhala m'manja mwako isapulumuke. Ndinamva kanthu kakuthyoka pansi pa zala. Magazi anayenderera padzanja langa.

"Ayi, osati pamenepo," anatero amuna anga motsitsa mawu.

Anailandira, anagwada pamatabwa onyowa aja, n'kuimiza m'madzi ataigwira ndi manja onse awiri, mikono ya jekete ikumira mpaka m'zigongono. Akaisiya pang'ono inkagwera chambali, mimba kuyera. Ankaidzutsa, kuigwiriziza, kuiyendetsa pang'onopang'ono kuti madzi alowe m'kamwa. Madziwo anali ozizira moti zala zawo zinatuwa, koma sanazitulutse. Ine ndinangoima ndi dzanja langa la magazi, ndikuyang'ana manja amene ndinkawanunkhiza miyezi itatu. Kufatsa konse kumene ndinkati akukapereka kunyumba ina ndinakuona pamenepo, ndipo ndinali nditangokuwonongera ntchito yake.

Patapita nthawi yaitali mchira unagwedera. Nsombayo inachoka m'manja mwawo n'kutsikira pansi mopendekeka, mpaka sitinaionenso.

"Ikhala moyo?" ndinafunsa.

"Kaya. Mwina."

Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira. Anatsegula fulasiki, anathira tiyi m'chivundikiro n'kuyamba kundipatsa ine. Ndinati pepani, iwo anati palibe kanthu, manja ndi manja. Koma chingwe sanaponyenso tsiku limenelo. Anapinda zonse tinanyamuka.

M'basi ndinalephera kupirira, ndinafunsa limodzi lomaliza. "Nanga ya mufiriji ija?"

"Ya kushopu ya zakudya za kwathu. Ndinaiyanika pabenchi kuyambira twelofu kuti isungunuke. Dzuwa la kuno ndi lopanda ntchito."

Ndinaseka mpaka anthu anacheuka, kenaka ndinapezeka ndikupukuta misozi ndi mkono wa jekete la mwana.

Lolemba ndinamufotokozera mnzanga wa ku Coolock uja zonse. Anamvetsera akutafuna, n'kupukusa mutu. "Ndiye mwakhulupirira? Anakuonani kudala, mutangofika, ndiye anachita show. Uyo mwamuna ni wochenjera." Ndinamuuza kuti asiye, nkhani inatha. Koma mawu ukawamva sungawabweze, ndipo aja a show anapeza pokhala penapake m'mutu mwanga.

Kupaki kuja sindinapitekonso. Anandiitanapo kawiri, mwaulemu, ndipo kawiri konse ndinaona mmene mapewa awo anatsikira nditakana. Zitini za chimanga ndimagula ndine tsopano, zinayi nthawi imodzi, ndipo tiyi wa Loweruka ndimathira ndine mufulasiki. Kwa mayi ku Zomba sindinanene kanthu mpaka lero.

Akamabwera madzulo ndimawalandira pakhomo, ndimatenga fulasiki pamodzi ndi dzanja lawo, ndipo iwo amadziwa chimene ndikuchita, amangolisiya dzanjalo kanthawi. Likanunkha nsomba mtima umakhala pansi. Masiku ena silinunkha kanthu, amati lero sizinadye nyambo. Funso limakwera mpaka pakhosi, mawu ake onse ali okonzeka. Ndimayang'ana nkhope yawo yopumula ija, ndimalimeza, n'kupita kukatsuka fulasiki.